Mapointi 37 a Zach Edey ndi mkangano wanga ndi alamu

Masewero otsiriza a chikho cha basketball cha makoleji a ku America m'chaka cha 2024 anayamba nthawi itangopitirira 3 koloko m'bandakucha kuno kwathu, ndipo ndinawaonera kunyumba kwa alamu anga ku Lilongwe, pa kompyuta imene tinaikhazika patebulo lodyerapo. Alamuwo anasewerapo basketball ali ku koleji, pamene ine ndimathandiza kuphunzitsa anyamata a sekondale Loweruka pabwalo la simenti la m'dera lathu, motero tikakhala pamodzi kuonera masewero palibe amene amatha kukhala chete. Ku Glendale, m'chigawo cha Arizona, kunali kudakali madzulo a pa 8 April. Timu ya Connecticut, imene ambiri amangoitcha UConn, inagonjetsa Purdue ndi mapointi 75 kwa 60, ndipo mwa mapointi 60 a Purdue, 37 anali a munthu mmodzi, Zach Edey, mnyamata wa ku Toronto wotalika mamita 2.24.

Masewero atatha alamu anatseka kompyuta n'kundiuza kuti, "Alamu, mwadzionera nokha. Uyu ufumu wake wathera pompano. Ku NBA akamuthamangitsa mpaka akapempha yekha kukakhala pabenchi." Ine ndinawayankha kuti timu ya NBA (ligi yaikulu ya basketball ya akatswiri ku America) imene ili ndi nzeru iyenera kumutenga msanga pa draft, mwambo wa pachaka umene matimu amasankhira osewera atsopano motsatizana, isanalandidwe ndi ina. Chimene chakhala chikundizunguza kuchokera tsiku limenelo n'chakuti tinaonera masewero amodzimodzi, tinaona zofooka zofanana ndi mphamvu zofanana, koma tinagamula mosiyana kotheratu. Ndafika pokhulupirira kuti tinasiyana chifukwa aliyense ankayankha funso lake. Alamu ankafunsa ngati Edey angakachite ku NBA zimene ankachita ku Purdue, ndipo yankho lake linalidi lakuti ayi. Ine ndinkafunsa kuti kumeneko akamupatsa ntchito yanji, komanso ngati ali ndi zida zogwirira ntchito imeneyo.

## Zimene UConn inamulola ndi zimene inamukaniza

Mphunzitsi wa UConn, Dan Hurley, anabwera ndi chikonzero chimene chinaonekeratu m'mphindi zoyambirira. Matimu ambiri chaka chimenecho ankamuunjikira Edey anthu awiri kapena atatu mpira ukangomufika, ndipo iye ankaubweza kwa anzake oponyera kutali monga Braden Smith, Fletcher Loyer ndi Lance Jones, amene ankapezeka ali okha. Hurley anakana kuchita zimenezo. Anasiya senta wake (wosewera wamtali amene amaima pafupi ndi ring'i), Donovan Clingan, wotalika mamita 2.18, kuti alimbane ndi Edey yekha, ndipo ena onse anawalamula kuti akakamire oponya aja osawasiya. Purdue, imene inali m'gulu la matimu odziwa kwambiri kuponya mipira ya mapointi atatu m'dziko lonselo, inangoyesa kasanu ndi kawiri masewero onse ndipo unalowa umodzi wokha.

Zimenezi zinapangitsa kuti tione chinthu chimene ofufuza osewera a matimu a NBA ankachiyembekezera chaka chonse, ndicho Edey atayang'anizana ndi munthu wa msinkhu woyandikana ndi wake, wodziwa kutchinga, amenenso ankapita ku draft yomweyo. Ndinasiya kutsatira mpira n'kumangoyang'ana awiriwo. Edey ankayamba nkhondo yake mpira udakali kutali. Ankathamangira pansi pa ring'i, n'kumuika Clingan kumbuyo kwake ndi chiuno ndi msana, miyendo atatang'adza, dzanja limodzi lili m'mwamba kusonyeza mnzake poponyera. Mpira ukafika ankaugwira ndi manja awiri osautsitsa m'munsi mwa chibwano, kumene osewera aafupi amaubera, kenako ankatembenukira kuphewa lakumanzere n'kuuponya ndi dzanja lamanja modutsa pamwamba pa Clingan. Aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti achita zimenezo, Clingan yemwe ankadziwa, koma m'chigawo choyamba mpira unkalowabe. Ine amene ndimakhalira kuuza anyamata aatali kuti asamatsitse mpira akaugwira pafupi ndi ring'i, ndinaona munthu amene anamva phunziro limenelo mpaka linamulowa m'magazi.

Mbali ina ya bwalo ndi imene inawapatsa alamu mphamvu zolankhula. UConn inkamuitanira Edey ku pick and roll mobwerezabwereza. M'kaseweredwe kameneka wosewera wamtali amakaima ngati khoma panjira ya amene akumaka mnzake wonyamula mpira, kenako n'kutembenuka kuthamangira ku ring'i, ndipo senta wa timu yotchinga amakhala ndi anthu awiri oti awasamale kwa kanthawi kochepa. Edey sankatuluka kukakumana ndi wonyamula mpira, ankabwerera chafutambuyo n'kudikirira pafupi ndi ring'i. Akadikira, Tristen Newton wa UConn ndi anzake ankapeza malo aakulu oponyera kapena olowera momasuka. Akati asunthe kuti atseke malowo, mpira unkaponyedwa m'mwamba kudutsa pamutu pake kupita kwa amene wamuzembera kumbuyo. M'chigawo chachiwiri Samson Johnson, mnyamata wa ku Togo amene ankalowa m'malo mwa Clingan, anaulandira motero m'malere n'kuuphwanyira mu ring'i, ndipo alamu anandigunda paphewa osanena kanthu. Edey anasewera pafupifupi masewero onse osapuma, kutopa kunayamba kuoneka m'miyendo, ndipo panapita nthawi yaitali pakati pa masewerowo asanalowetsenso mpira, nthawi imene UConn inathawira patsogolo.

## Chifukwa chake alamu sankanama

Sindikufuna kuchepetsa mfundo ya alamu, chifukwa malamulo enieniwo a NBA amakhala ngati analembedwa kuti avutitse munthu wonga Edey. Ku koleji wotchinga angathe kuima pansi pa ring'i nthawi yonse imene akufuna. Ku NBA saloledwa kukhala m'bokosi la pansi pa ring'i kupitirira masekondi atatu ngati palibe amene akumumaka pafupi, ndipo bokosilo n'lotambalala pafupifupi mamita 4.9 pamene la ku koleji ndi mamita 3.7. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 7.24 kutsogolo kwa ring'i pamene ku koleji uli pa 6.75, kutanthauza kuti dera loti senta alisamale limakula. Timu imapatsidwa masekondi 24 kuti iponye, osati 30, motero nthawi yodikira kuti munthu wamkulu afike pansi pa ring'i n'kukhazikika imachepa. Masewero amatenga mphindi 48 m'malo mwa 40, ndipo pachaka amakhala 82 ndime zopikisanirana chikho zisanayambe. Kuwonjezera apo, onyamula mpira a ku NBA ukangowapatsa mpata umene Edey ankapereka kwa UConn amaponya pomwepo osaganiza kawiri.

Mbiri nayonso inali kumbali ya alamu. Luka Garza wa ku Iowa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji mu 2021, koma pa draft anatengedwa pa nambala 52. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, amene analandira ulemu womwewo ali ku Kentucky mu 2022 chifukwa cha luso lake lotola ma rebound (mipira imene yaponyedwa koma sinalowe mu ring'i), sanatengedwe ndi timu iliyonse pa draft ya 2023, chimodzimodzinso Drew Timme wa ku Gonzaga. Jahlil Okafor, amene ankagoletsa pansi pa ring'i mwaluso losowa ali ku Duke, anatengedwa pa nambala 3 mu 2015 koma sanakhazikike, makamaka chifukwa cholephera kutchinga kutali ndi ring'i. Ngakhale Roy Hibbert, amene anasankhidwa kawiri kukhala mu All-Star (masewero a akatswiri osankhidwa mu ligi yonse) ali ku Indiana Pacers, anapezeka alibe malo mu ligi pofika 2017 matimu atayamba kusewera mothamanga ndi kuponyera kutali. Munthu wolemera makilogalamu 136 monga Edey ali ngati lole yodzaza ndi matumba a fetereza: imanyamula zimene galimoto zing'onozing'ono sizingathe, koma pokhota imafuna malo ndi nthawi, ndipo NBA ya masiku ano imakakamiza munthu kukhota kosalekeza.

Ambiri ankatchulanso zimene zinachitika pa 17 March 2023, pamene Purdue, yomwe inali pa nambala 1 m'gulu lake, inatulutsidwa m'ndime yoyamba ndi Fairleigh Dickinson ya pa nambala 16, timu ya anyamata aafupi kuposa ina iliyonse chaka chimenecho, ndi mapointi 63 kwa 58. Koma umboni umenewo ine sindiuwerengera kwambiri. Edey anagoletsa mapointi 21 ndi kutola ma rebound 15 ali wozunguliridwa mbali zonse, pamene anzake, amene anasiyidwa okha, analowetsa mipira isanu yokha mwa 26 imene anaponyera kutali. Tsiku limenelo linaonetsa kufooka kwa timu yodalira munthu mmodzi kuposa kufooka kwa munthuyo.

## Zimene zimawoloka kupita ku NBA

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Poyesa wosewera wamtali wa ku koleji, chinthu choyamba kuchichotsa pasikelo ndi mapointi amene amapeza chifukwa timu yonse imasewerera iyeyo. M'chaka chake chomaliza Edey ankagoletsa mapointi 25.2 ndi kutola ma rebound 12.2 pa masewero aliwonse, anatsogola dziko lonse pogoletsa, anakhala woyamba kuchokera nthawi ya Ralph Sampson kulandira mphoto ya Naismith, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, zaka ziwiri zotsatizana, ndipo anachoka ku Purdue ali ndi mapointi 2,516, ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya sukuluyo. Zonsezi n'zoona ndipo n'zolemekezeka, koma palibe timu ya NBA imene ikanaimitsa osewera ake anayi kuti azimuponyera mpira pansi pa ring'i ulendo uliwonse monga ankachitira mphunzitsi wa Purdue, Matt Painter. Funso lothandiza n'lakuti munthuyo atsala ndi chiyani mpira ukasiya kumufunafuna.

Chimene chimatsala choyamba ndi thupi, ndipo la Edey silinali wamba ngakhale pakati pa zimphona. Pa mayeso a osewera ofuna kulowa draft mu 2024, manja ake atatambasulidwa anakwana pafupifupi mamita 2.41, ndipo ataima chilili n'kukweza dzanja ankafika pafupifupi mamita 2.92, pamene ring'i ili pa mamita 3.05. Munthu wotere akaima ngati khoma pa pick and roll, womaka amatsala kutali, ndipo akatembenukira ku ring'i mnzake angathe kuponya mpira pamalo amene wina aliyense sangafikepo. Chachiwiri ndi manja ogwira. Pali aatali ambiri amene mpira umawapulumuka ukabwera mwamphamvu kapena pakati pa anthu, ndipo vuto limeneli silichedwa kutopetsa anzawo mpaka amasiya kuwapatsira. Edey ankagwira mipira yoipa yomwe. Chachitatu ndi ma rebound a mipira imene timu yake yaphonya, ntchito imene sifuna kuti mphunzitsi akukonzere kalikonse.

Palinso zinthu ziwiri zimene anthu sazitchula kawirikawiri koma kwa ine n'zazikulu. Edey ankapita pamzere wa free throw (mpira umene munthu amaponya popanda womutchinga akachitidwa faulo) koposa ka 10 pa masewero aliwonse m'chaka chomaliza ndipo ankalowetsa pafupifupi 71 pa 100 iliyonse. Senta amene satha kuponya free throw amachotsedwa m'bwalo masewero akafika pothina chifukwa adani amangomuchita faulo dala, koma kwa Edey njira imeneyo sinkapindula. Kuponya bwino free throw kumasonyezanso kuti dzanja ndi lofewa, ndipo ngakhale kuti m'zaka zinayi za ku Purdue analowetsa mpira wa mapointi atatu umodzi wokha, panali chifukwa choganizira kuti angaphunzire, monga anachitira Brook Lopez, amene anakhala zaka zambiri osaponyera kutali kenako n'kusintha mpaka kuthandiza Milwaukee kutenga chikho mu 2021. China n'chakuti ankasewera mphindi zoposa 30 osadzaza mafaulo, chifukwa anaphunzira kuima mowongoka manja ali m'mwamba m'malo modumphira mpira uliwonse. Ndikuvomereza kuti mbali ina ankachita zimenezi chifukwa Purdue sikanatha kusewera popanda iye, motero ankalekerera mipira ina imene akanailimbana, koma kudziletsa koteroko ndi luso limene aatali ambiri amalipeza atakalamba kale.

Pomaliza pali kakulidwe kake. Alamu ankanena kuti munthu wa zaka 22 wafika kale pamapeto pa kukula, poyerekeza ndi Clingan amene anali ndi zaka 20. Koma zaka zobadwa sizofanana ndi zaka za m'bwalo. Edey anakula akusewera baseball ndi ice hockey, ndipo basketball anaiyamba ali ndi zaka 15. Pochoka ku IMG Academy ku Florida sanali ngakhale m'gulu la anyamata 400 oyamba pa mndandanda wina wotchuka wa omaliza sekondale. M'chaka choyamba ku Purdue ankagoletsa mapointi osakwana 9, m'chachiwiri anapitirira 14 akugawana mphindi ndi Trevion Williams, m'chachitatu anafika 22.3. Atalowa draft ya 2023 n'kumva kuti matimu akukayikira miyendo yake, anachotsa dzina lake, anakasewera ndi timu ya dziko la Canada imene inapata mendulo ya bronze pa chikho cha dziko lonse chaka chomwecho, ndipo anabwerera ku Purdue ali wopepukirapo ndi wotha kusuntha bwinopo. Munthu amene chaka chilichonse amabwera atakonza chimene anauzidwa kuti chikusowa ndi wosiyana ndi amene wakhala chimodzimodzi kuyambira ali ndi zaka 18.

## Memphis ndi chikumbukiro cha Thabeet

Pa 26 June 2024 ku Brooklyn, Portland inatenga Clingan pa nambala 7, ndipo Memphis Grizzlies inatenga Edey pa nambala 9, pamwamba kuposa pamene ambiri ankayembekezera. Kwa ife a chigawo chino cha Africa, dzina la Memphis likaphatikizana ndi senta wamtali kwambiri limatikumbutsa Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, Mtanzania woyamba kusewera mu NBA, amene timu yomweyi inamutenga pa nambala 2 mu 2009 kuchokera ku UConn, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry. Ndimakumbukira mmene tinanyadirira kuti mwana wa dziko loyandikana nalo wafika pamenepo, ndi mmene zinatipwetekera pamene anatumizidwa ku ligi yaing'ono chaka chake choyamba chisanathe, n'kutuluka mu NBA pofika 2014 asanakhazikike pa timu iliyonse. Alamu sanachedwe kundikumbutsa nkhani imeneyi.

Thabeet ndi Edey amafanana msinkhu, ndipo onse anayamba basketball mochedwa, koma anatengedwa pa zifukwa zosiyana. Thabeet ankatchinga mipira yoposa inayi pa masewero aliwonse ku koleji, kumene ankaloledwa kudikirira pansi pa ring'i, ndipo Memphis inagula chiyembekezo chakuti zina zonse, kugwira mpira, kugoletsa ndi kulimba pokankhana, adzaziphunzira m'tsogolo. Luso lake lalikulu linali ndendende limene malamulo a NBA amalichepetsa mphamvu. Kwa Edey zinali mosemphana: zimene Memphis inkafuna anali nazo kale. Timuyo inali itagulitsa Steven Adams ku Houston mu February chaka chomwecho, ndipo inasowa munthu woima ngati khoma kuti wonyamula mpira wake waliwiro, Ja Morant, azipeza njira, wotolanso ma rebound, ntchito imene Jaren Jackson Jr. saichita bwino ngakhale anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ligi mu 2023. Jackson, amene amatha kusuntha ndi kuponyera kutali, akanaphimba zofooka za Edey, ndipo Edey akanamumasula iye kuti asamakankhane ndi masenta olemera. N'chifukwa chake ndimati nambala ya pa draft ya wosewera wamtali siinganenedwe popanda kutchula timu. Edey yemweyo atatengedwa ndi timu yopanda wonyamula mpira waliwiro ndi yopanda wotchinga wina womuthandiza, mawu a alamu akanatha kukwaniritsidwa m'miyezi yochepa.

## Chaka choyamba, ndi mfundo ya phazi

M'chaka chake choyamba Edey anasewera masewero 66, ndipo ankagoletsa mapointi 9.2 ndi kutola ma rebound 8.3 pa masewero aliwonse, zimene zinamulowetsa m'gulu loyamba la osewera atsopano opambana mu ligi. Analowetsa mipira ya mapointi atatu yoposa khumi, munthu amene ku koleji analowetsa umodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti kwa miyezi yambiri Memphis inkasewera m'njira yosagwiritsa ntchito pick and roll kwambiri, ndipo mphindi za Edey zinkakwera ndi kutsika. Mphunzitsi Taylor Jenkins atachotsedwa kumapeto kwa March 2025 n'kulowa Tuomas Iisalo, amene anabwezeretsa kaseweredwe kameneka, Edey anayamba kukhalitsa m'bwalo ndipo ma rebound ake anachuluka. Munthuyo anali yemweyo, imene inasintha ndi ntchito imene anapatsidwa.

Zofooka zimene alamu anaona sizinachoke. Matimu othamanga ankamukokerabe kutali ndi ring'i, mafaulo anayamba kumuvuta kuposa ku Purdue, ndipo Oklahoma City inaichotsa Memphis m'ndime yoyamba yopikisanirana chikho popanda kugonja ngakhale kamodzi. Tikakambirana tsopano alamu amavomereza kuti Edey ndi wosewera wa NBA weniweni, koma amaumirira kuti m'masewero othina a kumapeto kwa chaka mphunzitsi adzakakamizika kumukhazika pansi mphindi zomaliza, ndipo pamenepo sindiwatsutsa kwambiri, chifukwa ngakhale Rudy Gobert, amene wasankhidwa kanayi kukhala wotchinga wopambana, amakumana ndi funso lomweli chaka ndi chaka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapazi. Ku Purdue Edey sankadziwika ndi kuvulala, ndipo zimenezi zinali mbali ya chifukwa chomutengera msanga. Koma atangofika ku Memphis anayamba kubinya pamfundo ya phazi lakumanzere, anaphonya masewero angapo m'chaka choyamba, ndipo mu June 2025 anachitidwa opaleshoni pamalo omwewo. Yao Ming anasiya kusewera mu 2011 ali ndi zaka 30 chifukwa cha mapazi, ndipo Greg Oden, amene anatengedwa pa nambala 1 mu 2007, mawondo sanamulole kuonetsa zimene ankatha. Mafupa a phazi la munthu wa makilogalamu 136 amasenza katundu wosiyana pamene masewero achuluka kuwirikiza kawiri, maulendo a pandege ali osatha, ndipo kukhota kuli kwa liwiro la NBA. Memphis idzafunika kumuwerengera mphindi mosamala, kumupumitsa masiku amene masewero atsatizana, ndi kukhala ndi senta wachiwiri wodalirika, ngati ikufuna kuti nambala 9 ija idzaibwezere phindu kwa zaka zoposa ziwiri kapena zitatu.